Galu Wamkota Akasiyidwa pa Nyumba ya Lendi ku Kabanana

Munthu wocokera pakati pa mzinda wa Lusaka akatsata mseu waukulu wa Great North Road kulowera kumpoto, napyola Mandevu ndi bwalo la masewera la Heroes Stadium, amafika ku dera limene makomboni a Chipata, Chazanga ndi Kabanana anayandikana. Monga momwe ziriri ku Kanyama, ku Chawama, ku George ndi ku Mtendere, anthu ambiri a ku Kabanana amakhala m'nyumba za lendi, ndipo mwezi ukamatha sipalephera kuoneka kagalimoto kapena wilibala yonyamula katundu wa banja losamuka. Pamwamba pamakhala matiresi, mipando, mbaula, zidebe ndi thumba la ufa lotsala theka. Ngakhale nkhuku imapezeredwa malo m'dengu. Amene kawirikawiri sapezeredwa malo ndi galu, makamaka ngati galuyo wayamba imvi kukamwa.

Zifukwa zomsiyira nzambiri, ndipo si zonse zocokera m'kuuma mtima. Mwini nyumba yatsopano amakana galu, pakuti pabwalo limodzi pamakhala mabanja anai kapena asanu. Bambo amene wapuma pa nchito akamabwerera kwao ku Petauke, ku Katete kapena ku Lundazi amakwera basi, ndipo basi sinyamula galu. Nthawi zina mwini galuyo ndiye wamwalira: acibale amabwera, nagawana mabulangete, wailesi ndi njinga, koma pa mndandanda wa katundu wa malemu galu salembedwapo. Aliponso ena, ndipo awa ngovuta kuwaikira kumbuyo, amene amagula kamwana ka galu wacizungu m'mbali mwa mseu, napitikitsa wakale amene anawalondera zaka khumi, cifukwa cakuti mano ake atha ndipo mau ake asasa.

Galu wosiyidwa sacoka msanga. Amagona pakhomo lomwelo masiku ambiri, akudzuka nthawi iri yonse akamva mapazi, kufikira anthu atsopano a m'nyumbamo atayamba kumponya miyala. Pamenepo amasamukira ku dzala la pafupi ndi msika, kumene amalimbirana zotayidwa ndi agalu amphamvu kuposa iye. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu nthiti zake zimawerengeka, ubweya umathothoka, ndipo nsonga za makutu zimasanduka zironda zimene nchenche sizicokapo.

Kumudzi zotere sizicitika kawirikawiri. Makolo anati galu wamkota sakandira pacabe. Mkota ndi ciweto cacikazi cimene cabalapo, ndipo galu wotere akayamba kukanda pansi pa uzimba, alenje amadziwa kuti pamenepo pali una wa nyama, pamene tiana timangokanda mosewera. Mwambiwu amaunena pofuna kuti mau a akulu amvedwe, koma usonyezanso ulemu umene alenje anali nao kwa galu amene waona zambiri. Kumudzi galu angaonde bwanji, aliyense amadziwa kuti ngwa kwa yani, ndipo ngakhale mwini wake atamwalira, galuyo amatsala pa mudzi womwewo, pakati pa abale omwewo, akugona pa phulusa lofunda la kumphala. M'tauni galu wopanda khomo alibe womnenera.

Komabe alipo anthu ku Kabanana ndi m'makomboni ena amene amatola agalu otere. Sizimayamba ndi pangano ai. Mwana amaponya mkute kunja kwa mpanda. Mai wogulitsa tomato amasiya kacitini ka madzi pansi pa thebulo lake. Mlonda wa usiku amalola galu kugona pafupi ndi mbaula yake. Tsiku lina galuyo amatsatira munthu mpaka kunyumba, nagona pa mthunzi, ndipo banja limapezeka liri ndi nkhani yoti liweruze, kumpitikitsa kapena kumsunga. Losankha kumsunga liyenera kudziwa cimene lasenza, pakuti galu wokalamba ndi wodwala ndi katundu wolemera, ndipo pa masiku oyamba angakhalenso ngozi kwa ana a m'nyumbamo.

Coyamba ndi ciwewe

Palibe amene amadziwa kumene galu wa pa dzala wayenda, kapena cimene cinamluma usiku. Anthu ambiri amaganiza kuti galu wa ciwewe ndi uja yekha wothamangathamanga, woluma ciri conse cimene wakumana naco. Koma nthendayi iri ndi nkhope ina yofatsa. Galu amangokhala duu, cibwano cimalendewera, malovu amacuca, amalephera kumeza, ndipo miyendo yakumbuyo imafooka. Munthu wacifundo akaona zimenezi amati ndi ukalamba, kapena amati galu watsamwa ndi fupa, nalowetsa dzanja m'kamwa kuti alicotse. Dzanja limenelo likakhala ndi kabala ngakhale kakang'ono, kacirombo ka ciwewe, kamene kamakhala m'malovu, kapeza polowera.

A bungwe la World Health Organization amawerengera kuti ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciri conse pa dziko lonse lapansi, oculuka a iwo mu Africa ndi mu Asia, ndipo anai mwa khumi ali onse ndi ana osakwana zaka 15. Pa anthu 100 odwala nthendayi, mpaka 99 amaitenga kwa galu. Kacirombo kakalowa m'thupi kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulowera ku ubongo. Kawirikawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanaonetse cizindikiro, koma nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina caka cathunthu. Zizindikiro zikangooneka, ngakhale cipatala cacikulu cimangoyang'ana.

Ndiye cifukwa cake galu wotoledwa kumene sayenera kukumbatiridwa kapena kuseweretsedwa ndi ana. Amangidwe pa mthunzi ndi cingwe cacitali cosaceka khosi, kapena atsekeredwe m'kampanda. Cakudya ndi madzi azimpatsa munthu wamkulu, ndipo dokotala wa ziweto amuone msanga. Galu amene kacirombo kafika m'malovu mwake sakhalitsa, amadwala kapena kufa pasanathe masiku 10. Pa cifukwa cimeneci galu akaluma munthu madokotala amati amangidwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, osati kuphedwa ndi kutayidwa mwa phuma. Koma masiku khumiwo satsimikiza kuti m'thupi mwake mulibe nthenda imene ikali pa ulendo m'mitsempha. Galu wosadziwika mbiri afunika kucenjera naye miyezi ingapo, ndipo akasintha khalidwe mwadzidzidzi, a za ziweto adziwitsidwe tsiku lomwelo.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti masiku khumi a galu athe. Kwa a ku Kabanana, cipatala ca Chipata Level One Hospital ciri pafupi. Kuocha ubweya wa galuyo ndi kupaka phulusa lake pa bala, monga ena amacitira, sikupha kacirombo ai. Cimene cimapulumutsa ndi katemera, amene anayamba mu 1885 pamene Louis Pasteur wa ku France anabaya mnyamata wa zaka 9, dzina lake Joseph Meister, wolumidwa ndi galu wa ciwewe, mnyamatayo nakhala ndi moyo. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895, ndipo tsiku limeneli limasungidwa caka ndi caka m'maiko ambiri, kuphatikizapo Zambia, monga tsiku lokumbutsana za ciwewe.

Lamulo la dziko lino la Control of Dogs Act, Mutu 247 wa malamulo a Zambia, limafuna kuti agalu alembetsedwe ndi kulandira katemera wa ciwewe, ndipo ukalamba sucotsa galu pa lamulolo. Wotola galu wasanduka mwini wake pamaso pa boma. Cikalata ca katemera cisungidwe pamodzi ndi makadi a ana a ku sikelo, pakuti tsiku limene galuyo adzaluma mwana wa mnansi, cikalata cimeneco ndico cidzazimitsa mkangano. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 ali onse m'dera akatemeredwa, nthenda imasowa podumphira. Ku Blantyre, ku Malawi, a bungwe la Mission Rabies anatemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha mu 2015, ndipo anapitiriza nchitoyo m'zaka zotsatira.

Mbale yodzaza ingaphe

Mtima wa munthu ukaona nthiti umafuna kudzaza mbale. Apa cifundo cimatha kupha. Thupi limene lakhala ndi njala milungu yambiri limazolowera kudya mafuta ndi minofu yake yomwe, ndipo micere ina yofunika m'thupi imatha. Likalandira nsima yambiri mwadzidzidzi, magazi amasokonezeka, mtima umafooka, ndipo galu amene anapirira miyezi itatu pa dzala angafe pa tsiku lacitatu la kukhuta. Anamwino osamalira ana onyenchera amaidziwa bwino ngozi imeneyi. Cotero pa masiku oyamba galu apatsidwe cakudya cofewa codzaza dzanja limodzi, kanai kapena kasanu pa tsiku, ndi kumaonjezera pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena masiku khumi.

Nsima yokha imakhutitsa koma simanga thupi. Pafunika kusakanizapo kapenta woviikidwa m'madzi kuti mcere ucoke, dzira lophika, zam'mimba za nkhuku kapena za ng'ombe zophika bwino, ndi dzungu kapena kandolo. Ndiwo za banja zokhala ndi anyezi wambiri kapena adyo sizoyenera, pakuti ziwirizi zimaononga magazi a galu. Mafupa a nkhuku ophika amasweka ngati singano, nabaya m'matumbo. Galu wamkulu amakhala ndi mano 42, koma wokalamba ambiri amakhala atasweka kapena kuola, ndipo ndiye cifukwa cake amatafunira mbali imodzi ndi kugwetsa cakudya. Cake cikhale cophwanyaphwanya ndi conyowa.

Pali cinthu cina cimene a kumidzi, amene amapha okha mbuzi ndi ng'ombe, ayenera kucidziwa. Ciwindi kapena mapapo okhala ndi matuza a madzi asaponyeredwe galu ali aawisi. M'matuzamo muli ana a njoka za m'mimba, zimene zimakulira mwa galu, ndipo mazira ake amatuluka ndi ndowe nabwerera kwa ziweto ndi kwa anthu omwe. Galu wotoledwa amakhala kale ndi njoka za mitundu ingapo. Amwetsedwe mankhwala ocokera kwa a za ziweto, ndi kubwereza miyezi itatu iri yonse. Ndowe zake ziwoledwe ndi kutayidwa m'cimbudzi, cifukwa pabwalo pomwepo ndi pamene ana amasewera opanda nsapato.

Zonsezi si zaulere. Pa banja limene limagula ufa wa pamela tsiku ndi tsiku, dzira la galu ndi dzira limene mwana sanadye. Nkhaniyi ndi yofunika kuikambirana bambo ndi mai asanavomere, ndiponso kupempha cilolezo kwa mwini nyumba, kuti galu amene watayidwa kamodzi asadzatayidwe kaciwiri ndi anthu amene anayamba kuwakhulupirira.

Mphere, nkhupakupa ndi mphutsi

Khungu louma ngati la njobvu, lopanda ubweya, kawirikawiri ndi mphere. Zimayamba ndi tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Mtundu wina umakumba m'khungu, umanyereza koopsa, umapatsirana pakati pa agalu, ndipo ungacititse totupa toyabwa pa manja a munthu wogwira galuyo. Mtundu wina umakhala m'mizu ya ubweya wa agalu ambiri popanda vuto, koma umaculuka thupi likafooka, ndipo ukaoneka pa galu wokalamba umasonyeza kuti mwina m'kati muli nthenda ina. Dokotala amapala pang'ono pakhungu nayang'ana pa makina okuza zinthu kuti adziwe mtundu wake. Mankhwala alipo, a nyeleti, akumwa ndi osambitsa, koma safuna munthu wotaya mtima, pakuti ubweya umayamba kumera patapita mwezi umodzi kapena iwiri.

M'malo modikira, anthu ambiri m'makomboni ndi m'midzi momwe amapaka galu oilo wakuda wocotsedwa m'galimoto. Cizolowezi cimeneci cazunza agalu osawerengeka. Oilo amaocha khungu limene liri kale ndi zironda, galu amamnyambita nameza poizoni, ndipo ciwindi ndi impso za nkhalamba sizingapirire. Cimodzimodzi dipi wa ng'ombe wothira mongoyerekeza, kapena mankhwala opopera thonje ndi ndiwo za m'dimba: galu amayamba kunjenjemera, kucuca malovu ndi kugwa, ndipo anansi poona zimenezi amafuula kuti ndi ciwewe, nabwera ndi zibonga.

Nkhupakupa nazo zimabisala m'makutu ndi pakati pa zala. Mtundu wofiirira umene umakonda agalu umakhala m'ming'alu ya zipupa, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira zikwi zingapo. Cotero kuzula za pathupi pokha osasamala pogona ndi kutunga madzi ndi dengu. Zimayamwa magazi, koma coopsa koposa ndi nthenda imene zimanyamula, yofanana ndi malungo a anthu pakuti tizirombo take timaswa magazi. Galu amatentha thupi, amakana cakudya, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo nkhama zimayera kapena kukhala zacikasu. Wosunga galu azolowere kutukula mlomo wake m'mawa ndi kuyang'ana nkhama: zikakhala zofiirira bwino, magazi alimo, zikayera ngati pepala, nyeleti ya dokotala ikufunika tsiku lomwelo, osati kumapeto kwa mwezi.

Mvula ikayamba mu November pamabwera vuto lina. Pali nchenche imene imaikira mazira pa dothi la pa mthunzi, makamaka pamene pakodzedwa, ndi pa nsalu zoyanika. Ndi nchenche yomwe ija imacititsa amai kusita zobvala za ana mpaka matewera. Timphutsi take timalowa m'khungu, nitipanga cithupsa cokhala ndi kabowo pakati. Galu wokalamba, amene amagona malo amodzi tsiku lonse, angapezeke ndi zithupsa zambirimbiri pamimba ndi m'miyendo. Kupaka Vaseline pa kabowoko kumatsekereza mphutsi mpweya, ndipo ikasuzumira imafinyidwa mosamala kuti ituluke yathunthu. Mafuta omwewo amathandiza pa nsonga za makutu zodyedwa ndi nchenche.

Nthenda zimene sizicoka

Mphere zimatha, nkhupakupa zimatha, koma ukalamba sutha. Galu amayamba kukalamba pa zaka 7 kapena 8, ndipo a matupi akuluakulu amafulumirapo kuposa aang'ono. Cimene cimaoneka coyamba ndi nyamakazi. Galu amazengereza kudzuka, amayenda mouma m'mawa, amaopa sitepe imene kale anali kuidumpha. Mzinda wa Lusaka uli pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Kugona pa simenti m'miyezi imeneyi ndi cizunzo kwa mafupa okalamba. Thabwa lokwezedwa pang'ono pa njerwa, loyalidwa ziguduli ziwiri kapena zitatu, pamalo osaomba mphepo ndi osadontha, ndi mankhwala amene banja liri lonse lingathe. Ziguduli zizicapidwa ndi kuyanikidwa pa dzuwa lowala. Galuyo aziyenda pang'ono m'mawa ndi madzulo, pakuti kumangidwa pa waya wamfupi tsiku lonse kumaumitsa mfundo koposa.

Mai womvera cisoni galu wake akamuona akutsimphina amafuna kumgawira mapiritsi ake. Asatero. Brufen ndi diclofenac amaboola zironda m'mimba mwa galu ndi kuononga impso, ndipo Panado wopatsidwa mwa muyeso wa munthu amaononga ciwindi. Mankhwala a ululu oyenera agalu alipo, ndipo dokotala amawayeza malinga ndi kulemera kwa galuyo.

Maso amacita ng'ala, makutu amagontha, koma mphuno imatsala. Galu wakhungu amaloweza bwalo lonse ndi fungo, ndipo amayenda bwino malinga ngati mbale yake, madzi ake ndi pogona pake sizisunthidwa. Citsime, dzenje la cimbudzi catsopano ndi ngalande zibvundikiridwe, ndipo cipata ca ku mseu cikhale cotseka. Ana aphunzitsidwe kuti galu wogontha sadzutsidwa ndi dzanja: munthu aponde pansi mwamphamvu kuti galu amve kugwedezeka, ndipo pokhapo ayandikire. Agalu okalamba ambiri amene amaluma ana amatero cifukwa ca kudzidzimuka kapena cifukwa cakuti mwana wawakwera pamsana popweteka. Akakodza pogona, si mwano, ndipo ndodo singakonze cikhodzodzo cofooka. Koma akamamwa madzi mosalekeza ndi kukodza pafupipafupi, mwina ndi impso, mwina ndi nthenda ya shuga, ndipo kwa wamkazi mwina ndi mafinya m'ciberekero, nthenda imene imapha m'masiku owerengeka ngati sacitidwa opaleshoni.

Zotupa nazo sizisowa. Za m'mabere a galu wamkazi zina nzoopsa, zina ai, ndipo zimacotsedwa bwino zikali zazing'ono. Pali cotupa cina ca kumaliseco, cotuluka magazi, cimene agalu oyendayenda amapatsirana pokwerana. Pocita naco nyansi, anthu amafulumira kunena kuti galu waola, sangacire. Koma pa zotupa zonse za agalu ici ndi cimodzi ca zomvera mankhwala: nyeleti ya vincristine kamodzi pa sabata, kwa milungu inai kufikira isanu ndi umodzi, kawirikawiri imacifotetsa.

Kumene cithandizo ciri

Pa University of Zambia, m'mbali mwa Great East Road, pali sukulu ya madokotala a ziweto imene inayamba mu 1983 ndi kumangidwa ndi cithandizo ca dziko la Japan. Imadziwika ndi dzina la Samora Machel, mtsogoleri wa Mozambique amene anafa pa ngozi ya ndege mu 1986 akucokera ku msonkhano ku Mbala. Pa sukuluyi pali cipatala ca nyama kumene anthu wamba amapita ndi agalu ao. Mu mzinda muli bungwe la Lusaka Animal Welfare Society, limene limasunga agalu ndi amphaka otayidwa, kuwaciza, kuwatemera ndi kuwafunira makomo atsopano, modalira zopereka za anthu akufuna kwabwino. Pa malo otere tiana ta agalu sitikhalitsa, pakuti aliyense wobwera amafuna kamwana; nkhalamba ndizo zimadikira. Palinso maofesi a boma a za ziweto, a pansi pa Unduna wa za Nsomba ndi Ziweto, ndipo kumidzi mlangizi wa ziweto amene amayang'anira ng'ombe ndi yemweyo angathandize pa katemera wa galu ndi mankhwala a njoka.

Kucokera ku Kabanana vuto loyamba ndi mayendedwe. Minibasi silola galu wa mphere, galimoto ya hayala ndi yodula, ndipo nkhalamba ya nyamakazi singayende mtunda wotere. Ena amagwirizana ndi mnansi wa galimoto, ena amadikira tsiku limene otemera agalu afika m'komboni. Munthu wa ndalama zocepa asacite manyazi kuuza dokotala zimene ali nazo m'thumba, ndi kupempha kuti amuuze coyenera kuyamba. Katemera wa ciwewe, mankhwala a njoka ndi a nkhupakupa ndizo zotsogola. Za mano ndi zotupa zingatsatire ndalama zikapezeka.

Cimene banja limalandira pobwezera sicioneka msanga. Milungu yoyamba galu wozunzidwa amagwada pansi munthu akangotukula dzanja kapena kugwira tsache, amadya mobisala, ndipo sayang'ana munthu kumaso. Pakatha mwezi mcira umayamba kugwedezeka, ndipo usiku wina mau osasa aja amamveka kuseri kwa nyumba. Galu wamkota sathamangitsa nkhuku za anansi, satafuna nsapato, sayendayenda usiku, ndipo sauwa mwezi. Akauwa, pali kanthu. Mbala imaopa kuuwa kumene kumadzutsa anthu, siwerenga mano. Kwa mai wamasiye wogona yekha ndi adzukulu, kapena agogo otsala pakhomo ena onse atapita ku nchito ndi ku sukulu, kupuma kwa galu pakhomo ndi cinthu cacikulu. Za dzina sizivuta. Kumudzi galu amapatsidwa dzina lokhala ndi mbola, loti mnansi wamiseche alimve poitana. M'tauni amangoti Tiger kapena Danger, ngakhale galuyo alibe mano. Wotoledwa amakhala ndi dzina lake lakale limene palibe angalidziwe, koma amaphunzira latsopano m'masiku ocepa, ndipo wogontha amayankha kukodola kwa dzanja.

Masiku otsiriza

Wotola galu wa zaka khumi adziwe kuti adzakhala naye miyezi ingapo, kapena zaka ziwiri kapena zitatu. Nthawi idzafika pamene galu sathanso kudzuka yekha, akukana cakudya ndi madzi masiku otsatizana, akulira usiku ngakhale wamwa mankhwala. Pamenepo dokotala wa ziweto ali ndi nyeleti imene imamgoneka tulo tosadzuka m'mphindi zocepa, popanda ululu, mwini wake atamgwira mutu. Kumpacika pa mtengo, kummenya ndi mpini kapena kumthirira mankhwala a makoswe m'cakudya ndi imfa yowawa, ndipo lamulo la Prevention of Cruelty to Animals Act, Mutu 245, limaletsa kuzunza nyama. Nyama yothiridwa poizoni siisankha woidya: lero galu, mawa nkhuku za mnansi, kapena mwana wokwawa.

Galu akafa ndi zizindikiro zokayikitsa za ciwewe, mtembo usagwiridwe ndi manja, ndipo a za ziweto aitanidwe kuti ubongo wake ukayezedwe, monga amacitira ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, kufupi ndi Chilanga. Yankho lake ndilo lidzanena ngati amene anamgwira afunika katemera. Akafa ndi ukalamba, akwiriridwe m'dzenje lakuya kupitirira mita imodzi, kutali ndi citsime, pakuti pansi pa mbali zambiri za Lusaka pali miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu imene madzi oipa amadutsamo msanga. Asaponyedwe m'ngalande kapena mu mtsinje wa Ngwerere. Ziguduli zake ziochedwe, mbale itsukidwe ndi madzi otentha, ndipo ming'alu ya cipupa ca pamene anali kugona ipoperedwe mankhwala ndi kumatidwa, cifukwa nkhupakupa zimatha kukhala m'menemo miyezi yambiri osadya, kudikira galu wina amene adzagone pamenepo.